Ndinapita kukaona 'ndondocha' za ku Liwaladzi

Nkhaniyi ndinaitola pa benchi ya usipa mumsika waukulu wa Lilongwe. Mayi wina amene amandikongoza ndiwo mwezi ukafika pakati, amene amakapikula usipa wake ku Nkhotakota, anandikodola n'kuyamba kundinong'oneza.

"Inu atolankhani mumangolemba za andale basi. Pitani ku Liwaladzi mukaone. Kuli mnyamata akuweta ndondocha zoposa 100 m'nyumba mwa agogo ake. Ati usiku zimaguba ngati asilikali."

"Munaziona ndi maso anu, mayi?"

"Ine ndikaone zimenezo? Ndili ndi ana ine, achimwene. Koma aliyense pa dooko akudziwa."

Abale anga, ine ndine mtolankhani wodziyendera, wopanda malipiro apamwezi. Ndikapanda kulemba ndiye kuti poto sakhala pamoto. Choncho nditamva za ndondocha 100 zoguba usiku, m'mutu mwanga ndinaona kale zilembo zikuluzikulu patsamba loyamba, ndiponso lendi ya miyezi iwiri italipidwa. Sindikubisirani. Ndinabwereka ya thiransipoti, Lachisanu m'mamawa ndinali m'minibasi.

Ulendo wake

Wopita ku Liwaladzi kuchokera ku Lilongwe amatsetserekera ku Salima, kenaka n'kukhotera kumpoto mumsewu wa M5, uja wa m'mbali mwa nyanja. Mudutsa Benga, mudutsa pa Chia pamene anyamata amathamangira galimoto nsomba zili m'mwamba, mufika pa boma la Nkhotakota. Apa kondakitala analumbira kuti tikunyamuka pompano, injini ikulira, koma tinakhala mpaka ndinapeza mpata wokaona mtengo uja amati David Livingstone anakhala pansi pake ndi Jumbe m'chaka cha 1863 pokamba za malonda a akapolo.

Nditaima pamenepo ndinaganiza za nkhani yanga. Paja amati ndondocha ndi munthu amene amutenga m'matsenga, n'kumudula lilime, kuti azigwirira ntchito mwini wake popanda malipiro. Nkhotakota inaonapo zoterozo masana dzuwa likuswa mtengo, anthu enieni atamangidwa m'magoli kudikira zombo zowaolotsa nyanja. Zimenezo sizinali zongomva pa dooko ayi.

Kuchoka pa boma muoloka mtsinje wa Bua. Kumanzere kuli mapiri ndi nkhalango yosungirako nyama ya Nkhotakota, kumene anatulako njovu pafupifupi 500 zochokera ku Liwonde ndi ku Majete m'zaka za 2016 ndi 2017. Kumanja kuli madambo a mpunga, minda ya chinangwa, ndipo nyanja imangoti kuonekera apa, kubisala apo. Musanafike ku nzimbe za ku Dwangwa, kondakitala amenya chitseko: Liwaladzi!

Malo ake si aakulu. Timagolosale, chigayo cha mpunga, anyamata a kabaza atatsamira njinga zawo, amayi akugulitsa nthochi ndi usipa wofutsa. Chimene chimakulandirani poyamba ndi fungo la chinangwa chonyika chimene ayanika pamphasa, mayi wake wa kondowole. Pansi pa mtengo wa mango madala anali pa bawo, nkhomo zikulira m'maenje, osatukula mutu ngakhale galimoto iimbe belu.

Wakabaza woyamba nditamufotokozera kumene ndikupita anati njinga yake yaphwa. Tayala ndinaliona ine, linali lolimba ngati mwala. Wachiwiri anangoseka.

"Mukufuna kwa mkulu wa asilikali eti? Kwerani, bwana. Ineyo anandigonjetsapo kawiri."

Pakhomo pa agogo

Tinapeza gogo wachizimayi atakhala pamthunzi, miyendo atatambasula, akusalaza mphika ndi chigoba cha nkhono. Nditaodira anandiyang'ana kuyambira nsapato mpaka kope langa.

"Fikani, mdzukulu wanga. Koma ngati mwadzera ufiti mwachedwa. Anzanu anadzaona kale, anabwera ndi miyala."

Ndinachita manyazi, abale. Ndinati ndabwera kudzaona ntchito ya manja. Linali bodza panthawi imeneyo, koma pofika madzulo linasanduka zoona.

Mnyamatayo anatuluka akutikita m'maso, poti usiku anali panyanja kukoka nawo chilimira. Ndi wazaka 19, woonda, wosalankhulalankhula. Sukulu analekezera Fomu 2 chifukwa cha fizi. Dzina lake sinditchula, chifukwa chake muchimva kutsogoloku. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi makatoni atatu a sopo, n'kuwatsegula pamphasa mosamala ngati muli mazira.

Ndipo ndinaziona ndondocha za ku Liwaladzi.

Tianthu tadothi, kutalika kwake ngati chala chamkombaphala. Khungu lobiriwira, mphuno zazitali zokhota, makutu osongoka, mano panja, maso ofiira. Tina tavala zipewa zakuda zofika m'mapewa, tina tanyamula mikondo, tina mauta, kena kakuimba ng'oma, kena kanyamula mbendera yojambulidwa mwezi wokwiya. Palibe tiwiri tofanana nkhope. Kena kakuseka, kena kakuyang'ana kumbuyo ngati kakufuna kuthawa. Ndinatiwerenga kamodzikamodzi: 126. Pa zonse zimene anandiuza mayi wa usipa uja, nambala yokha ndiyo inali yoona.

Zinachokera ku Joni

Malume ake a mnyamatayu, monga amuna ambiri a m'mbali mwa nyanja muno, anapita ku Joni. Ankagwira ntchito ya m'dimba la maluwa kwa mzungu wina ku Cape Town. Mwana wa bwanayo atakula anataya katoni ya zoseweretsa, ndipo malumewo anatolamo tizidole titatu tapulasitiki ndi buku lopanda chikuto, n'kubweretsera mphwawo. Bukulo linali la malamulo a masewero otchedwa Warhammer.

Ndifotokoze pang'ono, poti ndinakafufuza nditabwerako. Ku England kuli kampani yotchedwa Games Workshop. Inayamba m'chaka cha 1975 ku London, ndipo likulu lake linadzakhazikika ku Nottingham. M'chaka cha 1983 inatulutsa masewero a nkhondo yapatebulo a Warhammer. Munthu amagula tiasilikali tapulasitiki tosapenta, tili zidutswazidutswa. Amatilumikiza yekha ndi guluu, n'kutipenta yekha, mwina miyezi, mwina zaka, mpaka atakhala ndi gulu lankhondo lathunthu. Akatero amakakumana ndi mnzake amene ali ndi gulu lake, n'kumenyana patebulo pogwiritsa ntchito madayisi ndi tepi yoyezera. Osewera ambiri si ana ayi. Ndi azibambo a ndevu zawo, a ntchito zawo.

M'magulu ankhondowo muli mitundu yosiyanasiyana ya m'nthano za azungu. Tobiriwira timeneti amatitcha magobulini. M'nthano zawo ndi tizilombo tating'ono tokhala m'mapanga, tankhanza koma tamantha. Amene anatitchukitsa kwambiri ngati gulu lankhondo ndi mlembi J.R.R. Tolkien m'buku lake la The Hobbit la m'chaka cha 1937.

Gogo uja atamva mdzukulu wake akundifotokozera zimenezi anaseka.

"Azunguwo asanamizire kuti n'zawo zokha. Ife amayi athu ankatiuza za amwandionerapati, tianthu tatifupi tokhala m'mapiri. Ukakumana nako kamafunsa kuti wandionera pati. Ukati pompano, kakubaya ndi muvi. Umayenera kunena kuti ndakuonera kutali uko, kuti kamve ngati n'kakakulu."

Tidole titatu si gulu lankhondo. Kugula tina n'kosatheka: katoni imodzi ndi mapaundi makumi angapo, ndipo ndani angakutumizireni ku Liwaladzi? Koma pakhomo panali dothi, panali gogo woumba mbiya, panalinso manja amene anakula akuumba ng'ombe zadothi kudambo ngati mwana aliyense wakumudzi. Basi ntchito inayambira pomwepo.

Kaumbidwe kake

Apa ndidekhe, chifukwa ndi pamene pali nkhani yeniyeni. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Dothi ndi lomwe lija la mtapo limene agogo ake amaumbira miphika. Amalinyika, n'kulichotsa timiyala ndi timizu, kenaka n'kulisakaniza ndi mapale akale osinja mpaka atasanduka ufa. Akuti dothi lopanda mapale limang'aluka pouma. Amayamba ndi thupi, kambulunga kangati nthudza, kenaka miyendo yaifupi yonenepa kuti kaime. Mutu amaumba padera. Zida zake ndi munga, singano yosokera matumba, ndi nsonga ya sipoko ya njinga imene anaisula kukhala ngati kampeni. Ndi zimenezi amaboola maso, kulemba makwinya apachipumi, ndi kutulutsa mano limodzilimodzi.

"Poyamba ndinkaika waya m'kati kuti kalimbe," anatero. "Koma dothi likamauma limafota, waya safota. Tonse tinang'aluka. Tsopano ndimangosiya kabowo m'dzanja. Mkondo ndimalowetsa pambuyo, katapsa kale."

Akaumba amatiyanika pamthunzi, m'nyumba, sabata yathunthu. Padzuwa ayi, timauma kunja m'kati muli madzi. Tsiku limene agogo akuotcha miphika, iye amaika tianthu take m'mphika wosweka, n'kukwirira ndi mankhusu a mpunga ochokera kuchigayo, n'kuuika pakati pa moto. Kamene kanali ndi chinyezi m'kati kamaphulika. Akuti pa 10 tilitonse, titatu kapena tinayi timafera pamoto pomwepo, nkhondo isanayambe.

Mikondo ndi masipoko. Mauta ndi waya wa mabuleki a njinga. Zishango ndi zitsekerero za mabotolo zimene amazisula ndi mwala. Mbendera ndi kansalu ka ambulera yakutha. Kalikonse amakaimika pachitsekerero china chodzaza dothi, n'kupaka guluu wa akalipentala, n'kuwaza mchenga wa kunyanja kuti kazioneka ngati kaima panthaka.

Ndiye kupenta. Penti wake ndi wotsalira m'zitini asodzi akamaliza kupenta maboti awo. Wobiriwira sapezeka kawirikawiri, choncho amasakaniza wabuluu ndi wachikasu. Amamusungunula ndi parafini mpaka akhale wamadzimadzi, chifukwa penti wolimba amakwirira nkhope yonse imene wavutika nayo masiku awiri. Burashi anapanga yekha: ubweya wa kumchira wa mbuzi woumanga ndi ulusi, n'kuulowetsa m'chubu cha bolopeni.

Amayamba n'kukadetsa konse ndi penti wakuda. Kakauma amapaka wobiriwira woderapo pakhungu, kusiya mdima m'makwinya ndi m'khwapa. Kenaka amatenga polishi wa nsapato wosungunula ndi parafini n'kukasambitsa konse. Polishiyo amathamangira m'maenje, ndipo nkhope imatulukira ngati munthu akutuluka m'chifunga. Chomaliza ndi chimene anaonera pa foni ya mnzake, mmene amachitira akatswiri akunja: amaviika burashi mu wobiriwira wowala, n'kuipukuta pansanza mpaka itatsala pang'ono kuuma, n'kumangoipititsa pamwamba mopepuka. Penti amangogwira pamphuno, pamasaya ndi m'nsonga za makutu. Anachita ine ndikuona. Kanthu kamene kanali chibuma chobiriwira kanayamba kundiyang'ana.

Maso amadontheza ndi nsonga ya munga, atagwira mpweya.

"Dzanja likanjenjemera ndiye kuti diso lafika pakhutu. Ndikachoka kunyanja sindipenta maso, achimwene. Manja amakhala atatopa ndi chingwe."

Tonse 126 tamutengera zaka ziwiri ndi miyezi ingapo.

Nkhondo ya pachitseko

Dzuwa litapendeka anabwera anyamata anayi, wamkulu wazaka ngati 15. Makolo a ena anawaletsa kufika pakhomopa, awa ndi otsala. Anagoneka chitseko chakale panjerwa. Zibuma za chulu zinasanduka mapiri, jumbo yabuluu yong'amba inasanduka mtsinje, tinthambi tinasanduka nkhalango. Anyamatawo ali ndi gulu lawolawo limene anaumba mothandizana: ankhondo a zishango zachikopa ndi nthenga kumutu ngati Angoni, okwana 40 okha, koma amphamvu.

Malamulo ake ndi otere. Msilikali aliyense ali ndi mtengo wake, ndipo magulu awiriwo ayenera kukhala ofanana mtengo, ngati anthu awiri olowa mumsika ndi mpamba wofanana. Wina agula katundu wochepa wodula, wina agula kaunjika. Magobulini ndiwo kaunjika: otchipa, ofooka, koma ambirimbiri. Gulu lililonse limayenda mainchesi ake, ndipo amayeza ndi tepi ya telala. Akakumana amaponya madayisi, aja a ludo, kuona ngati mkondo walasa ndiponso ngati chishango chatchinga. Wakufa amamuchotsa pachitseko.

Chimene chinandiseketsa n'chakuti bukulo limanena kuti magobulini sagwirizana. Nkhondo ili m'kati, dayisi ikagwa moipa, amasiya mdani n'kuyamba kukangana okhaokha. Akaphedwa angapo, otsalawo amaliyatsa liwiro. Ndinati izi ndiye ndazionapo kwinakwake, makamaka chaka cha chisankho chikayandikira.

Anandipatsa gulu la mikondo 30 kuti ndiliyendetse. Ndinalowa nalo mumtsinje ngati wanzeru. Kamnyamata ka Sitandade 7 kanandizungulira kuseri kwa chulu, madayisi anandikana, asilikali anga anathawa onse mpaka kugwera pamphasa. Anaseka mpaka misozi, gogo nayenso.

Mdala wina wa bawo uja anali ataima chapatali akuonerera, manja kumbuyo.

"Nkhondo yanji yodalira mwayi? Pa bawo palibe dayisi. Maenje 32, nkhomo 64, ndi mutu wako basi."

Mnyamatayo anayankha mwaulemu, maso ali pansi: "Zoona, agogo. Koma nayenso msodzi amakonza ukonde bwinobwino, mwera n'kubwera."

Mdalayo sanayankhe. Koma sanachokenso mpaka nkhondo inatha.

Tsiku la miyala

Nanga za ndondocha zinayamba bwanji? Gogo ndiye anandifotokozera, tikudya kondowole ndi usipa.

M'buku muja magobulini ena amakwera mimbulu ya kwa azungu. Mnyamatayo mimbulu yoteroyo sanaionepo. Anaganiza kuti chilombo chimene akuchidziwa, choyenda usiku, cha mano oopsa, ndi fisi. Anaumba afisi 10, aliyense ali ndi kamunthu kobiriwira pamsana. Inu nomwe mukudziwa amene amati amakwera afisi kwathu kuno.

Inafika nyengo ya mwera, usipa unasowa, pa dooko panali njala ya ndalama. Mwezi womwewo mwana wa pakhomo loyandikana, mmodzi mwa osewera aja, anadwala mpaka kubwebweta. M'kubwebwetamo ankatchula za afisi ndi nkhondo. Atafunsa anzake, anati inde, achimwene aja amatiphunzitsa nkhondo. Mawu akuti "amatiphunzitsa" ndiwo anayatsa moto. Pofika madzulo nkhani inali yakuti gogo ndi mdzukulu wake akuphunzitsa ana ufiti, ndiponso kuti tianthu tija timapita kunyanja usiku kukathamangitsa usipa.

"Mwala woyamba unagwa padenga. Wachiwiri unaswa mtsuko umene ndinaumba dzulo lake. Ndinati lero ndiye ndapita. Nkhalamba ngati ine, mwamuna anamwalira, ana ali kutali, ndani andiikire kumbuyo?"

Mwayi wake amfumu anamva msanga n'kutumiza nduna. M'mawa mwake kunali bwalo. Makatoni atatu aja anawaika pakati, anthu ataima patali. Mnyamatayo atafunsidwa sanalankhule zambiri. Anatenga mfumu ya gulu lake, yokwera fisi wamkulu, imene inamutengera masabata atatu, n'kuiika pamwala, n'kuiphwanya ndi mwala unzake. M'kati munali dothi lopsa ndi kachidutswa ka sipoko.

"Zenizenizo wabisa!" anakuwa wina kumbuyo.

Apo anaimirira mphunzitsi wina wopuma ntchito. Anakumbutsa bwalo kuti lamulo la dziko lino la za ufiti, la m'chaka cha 1911, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo wonenayo ndiye amamangidwa. Anafunsanso ngati mwana wodwalayo anapita naye kuchipatala. Anali asanapite naye. Atapita anamupeza ndi malungo, anamwa mankhwala, patatha masiku anayi anali kusewera mpira.

Chigamulo cha amfumu chinali chakuti masewerowo azichitika masana okha, panja, aliyense akuona, ndipo afisi onse aphwanyidwe. Anaphwanyidwa. Koma mlandu kutha pabwalo si kutha m'mitima. Mwini boti anamuimitsa ntchito mnyamatayo miyezi iwiri, ati anzake akuopa kukwera naye. Amayi ena mpaka pano sagula miphika ya gogoyo. Amakagula yapulasitiki ndi yachitsulo. Ndipo nkhani inakwera matola ndi madengu a usipa mpaka kudzandipeza ine ku Lilongwe, itanenepa, ikuguba usiku.

Kwa inu a mumsika

Musaseke anthu a ku Liwaladzi. M'chaka cha 2016 ku Neno nkhalamba zinayi zinaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo mphenzi itapha mtsikana. M'chaka cha 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje, ku Phalombe mpaka mu Blantyre. Zonsezo zinayamba ndi mawu omwe aja: aliyense akudziwa.

Ndipo inu mukuidziwa bwino nyimbo imeneyi. Mayi akamadzuka 4 koloko kukapikula tomato, osadya mpamba, osakongoza abale, n'kugula malata, timati chiyani? Wakhwima. Ali ndi ndondocha kuchipinda. Mnyamata wa benchi yoyandikana akamagulitsa kuposa ife timati ali ndi chitaka, n'kumaika makala m'chikwama cha ndalama. Sitifunsa kuti amapikula kuti, amadzuka nthawi yanji, makasitomala amawalankhula bwanji. Chimene sitinachione chikupangidwa timachitcha matsenga, chifukwa kuvomera kuti ndi khama ndiye kuti tadzitsutsa tokha. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Taonani kusiyana kwake. Ku England kampani ya tidole ija m'chaka cha 2024 inalowa m'gulu la makampani 100 akuluakulu pamsika wa masheya wa London. Ili ndi mpikisano wa akatswiri openta tidoleti, wotchedwa Golden Demon, ndipo wopambana amamuombera m'manja. Konkuno kwathu, ku Mua, Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a KuNgoni m'chaka cha 1976, kumene amisiri osema ndi openta aphunzira ntchito n'kumadyetsa mabanja awo. Ku Dedza ndi ku Nkhotakota komweko kuli malo oumba mbale ndi makapu amene alendo amaimikira galimoto. Manja ngomwewo, dothi ndi lomwelo. Wina ali ndi chikwangwani pamsewu, timati ndi mmisiri. Wina ali kuseri kwa nyumba ya agogo ake, timatola miyala.

Ndinamufunsa ngati angagulitse. Anapukusa mutu.

"Asilikali sagulitsa mmodzimmodzi ngati tomato, achimwene. Koma munthu atandiuza chimene akufuna, ndikhoza kumuumbira."

Za gule wamkulu anati sangaumbe, zimenezo si zoseweretsa, zili ndi eni ake. Chimene wayamba tsopano ndi gulu lakelake limene mulibe m'buku la azungu lija: ankhondo a m'nyanja. Anandionetsa ng'ona ziwiri zosapenta, mvuu yonyamula ng'oma pamsana, ndi asodzi asanu onyamula nkhafi m'malo mwa mikondo. Malamulo ake akulemba yekha m'kope la masamu. Ng'ona ikakhala m'madzi imaponya madayisi atatu, pamtunda imodzi.

Pobwerera

Ndinagona pakachipinda kena pamsika. Usiku ndinatuluka panja n'kuona nyali za asodzi zitandandalika panyanja ngati mzinda woyandama. Mmodzi mwa iwo anali mkulu wa asilikali, akukoka chingwe ndi manja omwe aja odontheza diso ndi munga.

M'mawa anandipeza pa siteji. Anandipatsa kanthu kokulunga m'pepala: kagobulini kaja koyang'ana kumbuyo ngati kakufuna kuthawa.

"Kameneka kakukhalani, achimwene. Kamenya nkhondo ngati inu."

Tsono ndiulule. Titayandikira rodibuloko, mtima unagunda. Ndinaganiza kuti wapolisi akapisa dzanja m'chikwama n'kutulutsa kamunthu ka maso ofiira pamaso pa minibasi yonse, ndidzati chiyani? Ndinakakankhira pansi, m'kati mwa sokosi. Ine amene ndinaona dothi likukandidwa, ine wa satifiketi ya Fomu 4. Nditafika kunyumba kanakhala m'sokosimo masiku atatu, kuopa alandilodi.

Tsiku lachinayi ndinakatulutsa n'kukaimika pawindo, poonekera. Alandilodi anakaona, anaima, anafunsa. Ndinawafotokozera za mtapo, mapale osinja ndi polishi wa nsapato. Anakatembenuza m'manja nthawi yaitali, n'kunena kuti mwana ameneyu ali ndi luso, kenaka anandikumbutsa za lendi.

Mayi wa usipa uja ndinamupititsira kuti akaone. Anakana kukagwira. Koma anafunsa ngati mnyamatayo angaumbe ng'ombe ndi abusa za pa Khirisimasi, zoti akaike kutchalitchi kwawo, ndiponso kuti angatchaje zingati. Ndamuuza kuti ulendo wina akapita kukapikula, atsike pa Liwaladzi, afunse wakabaza wachiwiri.